Kodi N'chilungamo Kukolola Pamene Sunalime?

Palibe munthu amene amakondwera ndi msonkho. Wamalonda amaudandaula, wapantchito amaulira pakutha pa mwezi, ndipo ngakhale nduna imene imaukhazikitsa imaulengeza mokhala ngati ikupepesa. Akatswiri a zachuma nawonso sagwirizana kawirikawiri pankhani ya misonkho. Wina akati boma litenge zambiri kwa olemera, mnzake amati boma liwasiye anthu adyerere thukuta lawo. Komabe pali msonkho umodzi umene wakhala ukuyamikiridwa ndi anthu a mbali zonse ziwirizi kwa zaka zoposa 200. Msonkhowu ndi wa pa mtengo wa malo. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anthu anzeru ambiri adauvomereza, maiko amene amautolera ndi owerengeka. M'chimangirizo chino tiona chifukwa chake akatswiri amaukonda, chifukwa chake andale amauzemba, ndiponso funso la chilungamo limene lagona pansi pa mkangano wonsewu, lakuti kodi n'koyenera kuti munthu akolole pamene sanalime.

Tiyambe tamvetsa chimene msonkhowu uli. Pamalo alionse amene munthu amati ndi ake pamakhala zinthu ziwiri. Choyamba ndi nthaka yeniyeniyo pamodzi ndi dera limene ili. Chachiwiri ndi zonse zimene munthuyo waikapo ndi manja ake kapena ndi ndalama zake, monga nyumba, mpanda, chitsime ndi mitengo ya zipatso. Msonkho umene tikunenawu umayang'ana choyambacho basi. Oyesa mitengo ya malo amadzifunsa kuti malowa akadakhala opanda kanthu akadagulidwa ndalama zingati. Pa mtengo umenewo mwini malo amapereka kagawo kakang'ono chaka ndi chaka. Nyumba yake siwerengeredwa, ngakhale ikhale yosanja kangati. Motero anthu awiri okhala ndi malo ofanana kukula mumsewu umodzi amakhoma msonkho wofanana, ngakhale wina atamangapo sitolo pamene mnzakeyo wangowasiya tchire.

Mwina mukuona ngati zimenezi n'zokondera. Tiyeni tiyerekeze chonchi. Anthu awiri agula malo oyandikana kunja kwa tauni, kumene kulibe msewu, madzi ngakhale magetsi. Woyamba aumba njerwa, amanga sitolo, nalemba achinyamata atatu ntchito. Wachiwiri angozika zikhomo m'makona anayi n'kupita kukakhala kutali. Papita zaka khumi, boma lamanga msewu wa phula, mipope ya madzi yafika, magetsi akokedwa, sukulu ndi msika zatsegulidwa, ndipo mabanja ambiri asamukira kuderalo. Tsopano malo a tchire aja akugulidwa pa mtengo wochuluka kakhumi kuposa umene mwini wake adapereka. Nanga ndani wakweza mtengowo? Mwini malo sanagwireko khasu. Aukweza ndi anthu okhoma misonkho amene ndalama zawo zidamanga msewu, aphunzitsi a pasukulu paja, amayi ogulitsa ndiwo pamsika, ndi mnzake woyandikana naye uja amene sitolo yake idakopa anthu. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mizinda yambiri khonsolo imawerengera nyumba pokhometsa msonkho. Choncho wakhama uja amalipira zambiri chifukwa choti adamanga, pamene wosiya tchireyo amalipira zochepa kwinaku akudikira kuti mtengo ukwerebe.

Apa ndipo pagona mfundo ziwiri za chilungamo zimene ochirikiza msonkhowu amaimirapo. Yoyamba ndi yakuti chimene munthu wapanga ndi thukuta lake ndi chake, ndipo boma liyenera kuchita manyazi potengako. Yachiwiri ndi yakuti chimene anthu onse apanga pamodzi n'cha onse. Mpando udapangidwa ndi kalipentala, dengu lidalukidwa ndi mmisiri, koma nthaka palibe adaiumba. Tonse tidaipeza ndipo tonse tidzaisiya. Makolo athu ankaidziwa mfundo imeneyi ngakhale sadailembe m'buku. Mfumu inkagawira banja munda, ndipo chimanga chonse chotuluka m'mundamo chinkakhala cha banjalo popanda wolilanda. Koma banjalo likasamuka n'kuusiya mundawo, mfumu inkaupereka kwa wina wosowa polima. Munthu ankakhala mwini wa zokolola zake, pamene nthaka inkakhala ya mudzi wonse, ya amoyo ndi ya osabadwa omwe.

Ku Ulaya maganizo amenewa adayamba kulembedwa mwadongosolo m'zaka za m'ma 1700. Ku France, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi François Quesnay lidaphunzitsa kuti boma likhale ndi msonkho umodzi wokha, wa pa phindu lochokera m'nthaka. M'chaka cha 1776 Adam Smith wa ku Scotland, amene ambiri amamutcha tate wa maphunziro a zachuma, adasindikiza buku lake lotchedwa The Wealth of Nations. M'bukumo adasonyeza kuti lendi ya nthaka ya m'mizinda ndi yoyenera kukhometsedwa msonkho kuposa lendi ya nyumba, popeza msonkho wotero sufooketsa ntchito ya munthu aliyense. David Ricardo, m'chaka cha 1817, adalongosola mmene lendi imakwerera anthu akamachuluka ndi kulimbirana malo abwino. John Stuart Mill, m'chaka cha 1848, adatsindika kuti chuma cha eni malo chimakula popanda iwo kugwira ntchito, kudzimana kapena kuika chuma chawo pachiswe, ndipo kuti boma silingalakwe potengako gawo la kukwera kotereku.

Koma munthu amene dzina lake limamveka kwambiri pankhaniyi ndi Henry George wa ku America. Iyeyu adabadwira mumzinda wa Philadelphia m'chaka cha 1839. Sukulu adaisiya ali wamng'ono, nagwira ntchito m'sitima za pamadzi, kenaka m'nyumba zosindikizira mabuku, mpaka adakhala mtolankhani mumzinda wa San Francisco. Umphawi ankaudziwa bwino chifukwa banja lake lidagonapo ndi njala. Pamene njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dziko la America idatsirizidwa m'chaka cha 1869, anthu ankayembekezera kuti aliyense atukuka. George adaona kuti amene adalemera kwambiri ndi omwe adafulumira kugwira malo, pamene anthu apantchito adatsala akulipira lendi yokwera. Funso lidamuvuta mumtima: bwanji umphawi ukukula pamalo pomwe chitukuko chikukula? Yankho lake adalilemba m'buku lotchedwa Progress and Poverty, limene lidatuluka m'chaka cha 1879. Iye adati phindu la chitukuko limathera mu mtengo wa malo, ndipo mankhwala ake ndi akuti boma litenge lendi ya nthaka monga msonkho n'kuchotsa misonkho ina yonse ya pa ntchito ndi pa malonda.

Bukuli lidawerengedwa m'maiko ambiri ndi kumasuliridwa m'ziyankhulo zosiyanasiyana. M'chaka cha 1886 George adapikisana nawo pa chisankho cha meya wa mzinda wa New York ndipo adakhala wachiwiri, kuposa Theodore Roosevelt amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dziko la America. Adamwalira m'chaka cha 1897 akuchita kampeni ya udindo womwewo. Maganizo ake adafika kutali. Mlembi wotchuka wa ku Russia, Leo Tolstoy, adawachirikiza ndi mtima wonse. Sun Yat-sen, mtsogoleri woyamba wa dziko la China ufumu utagwa, adawaika m'ndondomeko yake yokonzera dziko. Mayi wina wa ku America, Elizabeth Magie, adapanga masewera otchedwa The Landlord's Game, amene adawalembetsa kuboma m'chaka cha 1904, pofuna kuphunzitsa anthu mmene eni malo amamezera chuma cha anzawo. Masewerawa ndiwo adabala aja otchuka otchedwa Monopoly, ngakhale ambiri owasewera sadziwa kuti cholinga chake choyamba chidali kudzudzula khalidwe limene wopambana amasonyeza.

Akatswiri a m'zaka za posachedwapa sanautaye msonkhowu. Milton Friedman, amene adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1976, adali munthu wosafuna kuti boma lizilowerera m'malonda, ndipo misonkho sankaikonda konse. Komabe m'chaka cha 1978 adanena kuti mwa misonkho yonse, umene uli ndi zoipa zochepa ndi wa pa mtengo wa nthaka yopanda zomangapo, monga adaphunzitsira Henry George. Joseph Stiglitz, amene adalandira mphoto yomweyo m'chaka cha 2001, amatsutsana ndi maganizo a Friedman pa zinthu zambiri, koma pamsonkho uwu ali mbali imodzi. M'chaka cha 1977 Stiglitz adasonyeza ndi masamu kuti, zinthu zina zikakhala m'malo mwake, ndalama zimene boma limaononga potukula dera zimakweza lendi ya malo a m'deralo ndi mlingo wokwanira kulipirira chitukukocho. M'chaka cha 1990, ulamuliro wa Soviet Union uli pafupi kutha, akatswiri a zachuma 30 adalembera kalata mtsogoleri wa dzikolo, Mikhail Gorbachev, yomulangiza kuti boma lisagulitse nthaka kotheratu koma lizitolera lendi yake. Mwa osayina kalatayo mudali Franco Modigliani, James Tobin, Robert Solow ndi William Vickrey, onse anayi olandira mphoto ya Nobel. Ku Britain, kafukufuku wa misonkho wotsogozedwa ndi James Mirrlees adalangiza m'chaka cha 2011 kuti msonkho wa pa nyumba za malonda ulowedwe m'malo ndi wa pa mtengo wa malo. Olemba ndemanga m'nyuzipepala, monga Martin Wolf wa ku Financial Times, nawonso akhala akuuyamikira.

Kodi n'chiyani chimene chimagwirizanitsa anthu osiyana maganizo chotere? Chifukwa chachikulu n'chakuti pafupifupi msonkho uliwonse umachepetsa chinthu chimene wakhometsedwapo. Mukakhometsa msonkho waukulu pa sopo, anthu amagula sopo wochepa ndipo fakitale imachotsa ena ntchito. Mukaukhometsa pa malipiro, ena amaona kuti kugwira ntchito maola oonjezera n'kutaya nthawi. Ku England kudali msonkho wa pa mazenera kuyambira m'chaka cha 1696 mpaka 1851, ndipo anthu ambiri adatseka mazenera a nyumba zawo ndi njerwa, nasankha kukhala mumdima ndi mopanda mpweya wabwino kusiyana ndi kulipira. Nthaka yokha ndiyo singachepe. Ngakhale muikhometse msonkho wotani, mawa idzakhala ili pomwepo, kukula kwake komweko. Singabisidwe kunsi kwa bedi ndipo singatumizidwe kubanki ya kunja. Kuonjezera apo, msonkhowu umadzutsa ogona. Munthu amene wasunga malo a tchire pakati pa mzinda akayamba kulipira chaka ndi chaka, amakakamizika kumangapo kapena kuwagulitsa kwa amene angawagwiritse ntchito.

Wophunzira wochenjera angafunse kuti kodi mwini malo sangangokweza lendi kuti msonkhowo ugwere wobwereka. Funsoli ndi labwino ndipo yankho lake lifunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini malo amakhala atalipiritsa kale lendi yokwera kufika pamene anthu angathe kupirira. Akadatha kuikweza kuposa apo, bwenzi ataikweza kale popanda kudikira msonkho. Msonkho wa pa sopo umakweza mtengo chifukwa opanga amachepetsa sopo pamsika. Mwini malo sangachepetse nthaka, ndipo akaisunga yopanda ntchito msonkho umamutsatabe. Kunena zoona, pamene eni malo ambiri akakamizika kutulutsa malo amene ankasunga, malo obwereketsa amachuluka ndipo lendi imavuta kukwera. N'chifukwa chake kuyambira nthawi ya Ricardo akatswiri ambiri amavomereza kuti katundu wa msonkhowu amasenzedwa ndi mwini nthaka.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo cha msonkho woyenda chosemphana ndi umenewu. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Harry Johnston, lidakhazikitsa msonkho wa nyumba. Munthu ankalipira chifukwa cha khumbi limene adamanga ndi manja ake, ngakhale adalibe khobidi m'thumba. Nthawi yomweyo azungu owerengeka adapatsidwa zikalata zowasandutsa eni a malo akuluakulu m'madera a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, ndipo mbali yaikulu ya malowo idakhala yosalimidwa. Anthu okhala m'maesiteti amenewa ankagwira thangata kuti alipire lendi ya malo ndiponso kuti apeze ya msonkho. Nkhanza za thangata, makamaka pa esiteti ya ku Magomero, zidali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira m'chaka cha 1915. Phunziro lake ndi lakuti funso lakuti msonkho ugwere pati ndi funso la chilungamo. Boma likhoza kuusenzetsa amene ali ndi manja okha, kapena amene ali ndi nthaka.

Tsono ngati msonkhowu uli wabwino chotere, andale amauzemberanji? Nkhani ya ku Britain ikutithandiza kuyankha. M'chaka cha 1909 nduna ya zachuma, David Lloyd George, idabweretsa kunyumba ya malamulo bajeti imene idatchedwa ya anthu wamba. M'bajetimo mudali msonkho wa magawo 20 pa 100 alionse a kukwera kwa mtengo wa malo pamene malowo akusintha mwini, komanso kamsonkho kakang'ono pa malo osagwiritsidwa ntchito. Winston Churchill, amene panthawiyo adali nduna m'boma lomwelo, adayenda m'misonkhano kuichirikiza mwamphamvu. Koma nyumba yachiwiri ya malamulo, yotchedwa House of Lords, idali yodzala ndi eni malo akuluakulu, ndipo idaikana bajetiyo. Padachitika chisankho, bajetiyo idavomerezedwa m'chaka cha 1910, ndipo m'chaka cha 1911 mphamvu za nyumba ija zidachepetsedwa ndi lamulo. Komabe ntchito yoyesa mitengo ya malo idachedwa, eni malo adakasuma kumakhoti, nkhondo yaikulu idabuka, ndipo misonkhoyo idathetsedwa m'chaka cha 1920, Lloyd George yemweyo ali nduna yaikulu. Nduna ina, Philip Snowden, idayesanso m'chaka cha 1931, koma lamulo lake lidafafanizidwa m'chaka cha 1934 lisanatolere kalikonse.

Nkhaniyi ikuonetsa vuto limene lilipo mpaka lero. Amene angapindule ndi msonkhowu ndi ambiri koma ndi omwazikana: obwereka nyumba, achinyamata osowa pomanga, ana amene sanabadwe. Aliyense wa iwo phindu lake saliona ndi maso. Amene angataye ndi ochepa, koma amadziwana, ali ndi ndalama zolipira maloya, ndipo kawirikawiri ndi omwe amakhala m'nyumba za malamulo kapena kudya nawo pamodzi opanga malamulowo. Chinanso n'chakuti msonkhowu ndi woonekera. Msonkho wobisika mu mtengo wa shuga munthu amaulipira osazindikira, koma kalata yochokera kukhonsolo yonena ndalama za chaka chonse imamuwawa ngati munga. Wandale amene akufuna mavoti amasankha msonkho wosapweteka pomwepo, ngakhale ukhale woononga kwambiri m'kupita kwa nthawi.

Ngakhale zili choncho, msonkhowu si loto chabe. Dziko la Denmark lakhala likutolera msonkho wa pa nthaka kwa zaka pafupifupi 100. Dziko la Estonia lidaukhazikitsa m'chaka cha 1993 litangodzilamulira. Ku Taiwan uliko, potsata maganizo a Sun Yat-sen, ndipo zigawo zambiri za dziko la Australia zili ndi msonkho wa mtundu umenewu. Mzinda wa Pittsburgh ku America udakhometsa msonkho wokwera pa nthaka kuposa pa nyumba kuyambira m'chaka cha 1913 mpaka 2001. Mzinda wa Johannesburg, kumene makolo athu ambiri adakagwira ntchito m'migodi, udakhometsa msonkho pa nthaka yokha kwa zaka zambiri za m'ma 1900, mpaka lamulo la m'chaka cha 2004 lidalamula kuti nyumba nazo ziziwerengeredwa. Zitsanzozi zikutsimikiza kuti msonkhowu ndi wotheka. Zikuonetsanso kuti nthawi zambiri umakhala waung'ono, ndipo ukhoza kuthetsedwa ngakhale utakhala zaka zochuluka.

Chilungamo chifuna kuti timvenso mbali ya otsutsa, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Dandaulo loyamba ndi la munthu amene adagula malo dzulo ndi ndalama zimene adasunga movutikira kwa zaka zambiri. Iyeyu sanakolole posalima. Phindu la kukwera kwa mtengo lidapita ndi amene adamugulitsa. Msonkho ukabwera mwadzidzidzi, mtengo wa malo ake umatsika, ndipo amalangidwa chifukwa cha mlandu wa wina. Dandauloli ndi lomveka, ndipo Mill mwini adalilingalira: n'chifukwa chake ankafuna kuti boma litenge gawo la kukwera kwa m'tsogolo kokha. Ena amati msonkho uyambe pang'ono n'kumakwera m'zaka zambiri, kwinaku misonkho ina ikutsika, kuti anthu akhale ndi nthawi yokonzekera. Chimene dandauloli likutiphunzitsa n'chakuti kusintha kuyenera kuchitika mosamala. Silikutsimikiza kuti cholakwikacho chisiyidwe mpaka muyaya, pakuti chaka chilichonse chimene chadutsa osakonza chimaonjezera anthu ogula pa mtengo wokwera.

Dandaulo lachiwiri ndi la gogo wamasiye amene wakhala m'kanyumba kake zaka 50. Mzinda wakula n'kumuzungulira, malo ake akwera mtengo, koma iye alibe ndalama. Kodi n'chilungamo kumuthamangitsa pamalo pamene adalerera ana ake? Mtima wa munthu aliyense umakana. Maiko ena adapeza njira. Ku Denmark anthu opuma pantchito amaloledwa kuimitsa kulipira, ndipo ngongoleyo imadzabwezedwa nyumba ikagulitsidwa kapena mwini wake akamwalira. M'chaka cha 2013 dziko la Estonia lidachotsa msonkho pa malo amene pali nyumba yokhalamo mwini wake, mpaka pa mlingo woikika. Gogoyu tiyenera kumuteteza. Koma tisamale ndi anthu amene amamukumbuka pa tsiku lokambirana za msonkho lokha. Kawirikawiri wofuula kwambiri m'dzina la gogo wa kanyumba kamodzi amakhala mwini wa mapuloti makumi awiri.

Dandaulo lachitatu ndi la kayesedwe ka mitengo. Pamene nyumba ndi nthaka zigulitsidwa pamodzi, kulekanitsa mtengo wa nthaka yokha kumafuna luso, kaundula wolongosoka wa eni malo, ndi anthu okhulupirika. Ku Pittsburgh msonkho uja udatha m'chaka cha 2001 chifukwa kuyesanso kwa mitengo kudakweza mwadzidzidzi ndalama zimene anthu ambiri ankayenera kulipira, ndipo anthuwo adakwiya. Kumene oyesa angalandire ziphuphu, wolemera adzalemberedwa mtengo wotsika ndipo wosauka adzasenza katundu. Mankhwala ake ndi kuika mitengo yonse poyera kuti aliyense aone zimene mnzake woyandikana naye akulipira. Pamenepa msonkhowu uli ndi mwayi umene ina ilibe, chifukwa malipiro a munthu ndi chinsinsi koma malo ake aliyense amawaona.

Pali chinthu chinanso choyenera kuchinena mosabisa. Akatswiri ambiri amene amayamikira msonkhowu lero savomereza zonse zimene Henry George adaphunzitsa. Ndi ochepa amene amakhulupirira kuti msonkho umodzi wokha ungakwanitse kulipira sukulu, zipatala, misewu ndi chitetezo cha dziko lamakono, kapena kuti ungathetseretu umphawi. Sakunenanso kuti mlimi wa kumudzi azilipira chifukwa cha kamunda kake. Nthaka ya kutali ndi misewu mtengo wake ndi wochepa, ndipo kamunda kodyetsa banja kangathe kukhululukidwa. Mtengo waukulu wa malo uli m'mizinda ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Taganizani za Lilongwe, amene adakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975 m'malo mwa Zomba. Malo amene kale adali minda ndi madambo odyetsera ng'ombe adasanduka a mtengo wapatali chifukwa cha chigamulo cha boma ndi ndalama za mtundu wonse. Timakonda kunena kuti chuma chili m'nthaka, ndipo n'zoona. Funso limene sitidzifunsa kawirikawiri ndi lakuti chuma chimene tonse tidachiika m'nthaka ya m'mizinda chimathera m'thumba la yani.

Kugwirizana kwa anthu otchuka pakokha si umboni wakuti chinthu n'choona. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, komabe akuluakulu nawonso amaphonya, ndipo wophunzira sayenera kuvomereza mfundo chifukwa chakuti woinena adalandira mphoto. Phindu la kugwirizana kwa Smith, George, Friedman ndi Stiglitz n'lakuti adafika pamalo amodzi podzera njira zosiyana. Wina ankafuna kuti malonda ayende momasuka, wina ankalira ndi osauka, wina ankawerengera masamu. Mboni zosagwirizana pa zina zonse zikanena chimodzimodzi pa mfundo imodzi, bwalo limatchera khutu. Ine ndikuona kuti mfundo yawo yaima. Nkhawa za otsutsa zikukhudza kayendetsedwe ka msonkhowu, ndipo zonse zili ndi njira zozichepetsera. Palibe ngakhale imodzi imene yasonyeza kuti mtengo wa malo a tchire aja udakwezedwa ndi mwini wake.

Inu amene mukuwerenga chimangirizochi lero mulibe malo, ndipo n'chapafupi kuti muvomereze kuti wokolola posalima abwezeko gawo kwa amene adalima. Koma zaka zikubwerazi ena mwa inu mudzakhala makhansala, aphungu, oyesa malo ndi oweruza milandu. Ambiri mudzagula mapuloti, ndipo tsiku lina mudzamva kuti msewu wa phula ukudutsa pafupi ndi puloti yanu. Mudzasangalala, ndipo palibe cholakwa pa kusangalalako. Koma pamene khonsolo idzabwera kudzapempha gawo la kukwera kwa mtengoko kuti ikamangire msewu anthu a dera lina, mudzayesedwa ngati mfundo imene mudaivomereza muli pasukulu mukuivomerezabe muli ndi chikalata cha malo m'manja. Andale a ku Britain adagonja pa mayeso amenewa kawiri. Muyambiretu tsopano kulingalira yankho limene inu mudzapereke.